Othandiza kufunsira masikolashipu pa Mangochi Boma: za manja alipireni, za mutu musawapatse

Kuyambira mwezi wa June mpaka kumapeto kwa chaka, mashopu ena a intaneti ndi fotokope pa Mangochi Boma amawonjezera ntchito ina pa zikwangwani zawo ndi m'magulu a WhatsApp: kuthandiza anthu kufunsira masikolashipu a digiri yachiwiri kunja kwa dziko lino. Mayina omwe amatchula ndi odziwika kale, Chevening, Commonwealth, Rhodes, Beit Trust ndi Mastercard Foundation. Obwera kudzathandizidwa ndi aphunzitsi a ku sekondale, anamwino, alangizi a zausodzi, ogwira ntchito ku khonsolo ndi m'mabungwe omwe si aboma, ena ochokera kutali monga ku Namwera, Monkey Bay ndi Makanjira. Ntchitoyi amaigulitsa pamodzi pa mtengo umodzi: kukutsegulirani imelo, kusikana mapepala, kudzaza fomu, kukusankhirani kosi ndi kukulemberani zimangirizo. Maganizo athu ndi akuti theka la ntchitoyi ndi loyenera ndalama yanu, koma theka linalo ndi limene likugwetsa anthu omwe akanatha kupita patali.

Chimene mashopuwa ali nacho chomwe ambiri alibe kunyumba ndi magetsi odalirika, netiweki yosaduka ndi makina abwino osikanira. Shopu yokhala ndi sola kapena jenereta imakupulumutsani pamene magetsi azima fomu ili pakati. Pa kusikana ndi pamene mudziwe ngati mwafika pa anthu odziwa ntchito. Transcript ya ku yunivesite imakhala ndi chidindo, nthawi zina chodinda mopanda inki, chongotukusira pepala. Mukaijambula ndi foni usiku pansi pa babu, chidindocho sichioneka, ndipo mthunzi wa dzanja lanu umagwera pa magiredi. Wodziwa ntchito amasikana pepala lenileni osati fotokope yake, amasikana mwa mtundu wake pa 200 kapena 300 dpi, amaphatikiza masamba onse mu PDF imodzi motsatana, kenako n'kuichepetsa kukula kuti ilowe m'malire omwe fomu ikulola. Chinanso chimene ambiri amaiwala ndi tsamba lofotokoza tanthauzo la magiredi, lomwe nthawi zambiri limakhala kuseri kwa transcript kapena kumapeto. Popanda tsamba limeneli munthu wa ku Leeds kapena Glasgow sangadziwe kuti 68 wa kuno ndi wolemera bwanji. Musanalipire, auzeni achimwene a pa kompyutawo akutsegulireni fayiloyo, aikulitse pa sikirini, muwerenge nokha nambala yanu ya ku sukulu ndi siginecha ya a rejistira. Ngati inuyo simukutha kuziwerenga, kumenekonso sakaziwerenga.

Ubwino wina, umene umapezeka pa mashopu ochepa, ndi diso loona kusiyana kwa mayina. Vuto limeneli kuno ndi lalikulu. Munthu mmodzi yemweyo pa satifiketi ya MSCE analembedwa Yusufu, pa digiri Yusuf, pa chitupa cha unzika Usufu. Wina ndi Asiyatu apa, Asiatu apo. Ena ku pulayimale anayamba ndi dzina la bambo, ku koleji n'kuwonjezera la agogo, ndipo chaka chobadwa chinasintha pamene ankabwereza Sitandade 8. Fomu imafuna dzina monga lilili mu pasipoti, chilembo ndi chilembo. Pamene mapepala akusiyana, njira yake ndi kalata yolumbira pamaso pa loya kapena ku bwalo la majisitireti, yonena kuti mayina onsewa ndi a munthu mmodzi, ndipo kalatayo muisikane pamodzi ndi mapepala enawo. Izi zichitike fomu isanatumizidwe. Zikatulukira pa nthawi ya viza, masabata amatha mukuthamangathamanga. Mwayi wa ife a ku Mangochi ndi wakuti ofesi ya Immigration ili pompano, choncho nkhani ya pasipoti ndi yoyamba nayo msanga, osadikira kuti mupambane kaye.

Za nthawi yotseka tingonena mwachidule. Chevening, sikolashipu ya boma la UK, imatseka 12 koloko masana pa nthawi ya UTC, yomwe kuno ndi 2 koloko masana. Tsiku lomalizalo shopu imadzaza, makompyuta ndi ochepa, ndipo tsamba la fomu limalemera chifukwa dziko lonse lapansi likutumiza nthawi imodzi. Tsiku lotseka limasinthanso chaka ndi chaka, lakhalapo mu November, lakhalaponso mu October. Shopu yokuuzani tsiku la chaka chatha kuchokera m'mutu, osatsegula tsamba la eni ake kuti muone limodzi, muikayikire pa zina zonse.

Tsopano kumene zinthu zimawonongekera. Choyamba ndi imelo. Mashopu ambiri amakutsegulirani imelo yatsopano kuti ntchito iyende mwachangu, pasiwedi n'kuilemba m'kope lawo, nambala ya foni yobwezeretsera akaunti n'kuika ya mnyamata wa pashopupo. Zonse za sikolashipu zimadzera mu imelo imeneyo kwa miyezi pafupifupi khumi: kuitanidwa ku intavyu, linki yosankhira tsiku la intavyu, makalata a mayunivesite, zotsatira. Uthenga woitana ku intavyu ukafika mu February, mnyamata uja anasiya ntchito mu December n'kupita ku Joni, ndipo munthu amadzamva kwa anzake kuti anthu anapita kale ku Lilongwe. Imelo ikhale yanu, pa foni yanu, ndi nambala yanu. Pa kompyuta ya pashopu lowani nokha, ndipo potuluka onetsetsani kuti mwatsekadi akauntiyo.

Chachiwiri, ndipo ndi chachikulu, ndi zimangirizo. Chevening imafunsa mafunso anayi: za utsogoleri wanu, za momwe mumamangira ubale ndi anthu pa ntchito, chifukwa chosankhira makosi anuwo ku UK, ndi zomwe mudzachite mukabwerako. Funso lililonse lili ndi malire a mawu. Chimene mashopu amagulitsa ndi chimangirizo chimodzi chakale chomwe amangosintha dzina, ntchito ndi boma, kapena masiku ano chotulutsidwa ndi mapulogalamu a AI. Chimayamba ndi kunena kuti Malawi ndi dziko losauka lopanda doko, n'kupitiriza kuti wolembayo wakhala mtsogoleri kuyambira ali mwana, n'kumaliza ndi lonjezo lodzatukula dziko. Owerenga mafomu amakumana ndi mazana a zimangirizo zotere. Chevening imanena poyera kuti imafufuza zokopera ndipo yopezeka nazo imachotsedwa mu mpikisano, ndipo Rhodes imafuna kuti chimangirizo chofotokoza za inu chikhale ntchito yanu yokha. Koma ngakhale chitapulumuka pa makina ofufuzawo, chimakakugwetsani pa intavyu, chifukwa ofunsa amakhala nacho patsogolo pawo. Akafunsa kuti gulu lija munati munalitsogolera linali la anthu angati, linakana chiyani, munachita chiyani litakana, munthu amene sanalembe yekha amangoti kakasi.

Chomvetsa chisoni n'chakuti munthu wa ku Mangochi ali ndi nkhani zolimba kuposa zomwe akugulazo. Mlangizi wa zausodzi amene wakhala pansi ndi makomiti a m'madoko a ku nyanja ya Malombe kukambirana za nyengo yotseka nyanja ndi maukonde a maso ang'onoang'ono, pamene chambo chikusowa, ali ndi chitsanzo cha utsogoleri chimene wa mu ofesi ku Lilongwe alibe. Namwino amene anakonza zoti ana a sukulu za m'mbali mwa nyanja alandire mankhwala a likodzo, n'kulimbana ndi makolo okana, ali nayo nkhani. Mphunzitsi amene anabweza atsikana m'kalasi mothandizana ndi gulu la amayi ndi a mfumu, kapena wa ku khonsolo amene anagwira ntchito m'misasa nyanja itasefukira mu 2024, naye ali nayo. Kalembedwe kake ndi kosavuta kufotokoza ngakhale kuli kovuta kuchita: vuto linali lotani, udindo wanu unali wotani, inuyo munachitapo chiyani, chinasintha n'chiyani. Lembani kuti ndinachita, osati tinachita, ngakhale kuti mwachikhalidwe chathu zimamveka ngati kudzitama. Ikani manambala omwe mungathe kuwaikira kumbuyo. Chitsanzo chimodzi kapena ziwiri zofotokozedwa mozama zimaposa zisanu zongotchula. Zimenezi wa pashopu sangakulembereni, chifukwa kunyanjako kapena kuchipatalako kunali inuyo.

Pali kanthu kena kakang'ono ka masamu kamene mashopu amalakwitsa kawirikawiri. Chevening imafuna zaka ziwiri za ntchito, zomwe imaziwerenga ngati maola 2,800. Fomu imachulukitsa maola a pa sabata ndi chiwerengero cha masabata. Wogwira maola 40 pa sabata amakwanitsa m'masabata 70, wa maola 35 m'masabata 80. Wodzaza mothamanga akalemba miyezi pamalo a masabata, fomu imaona ngati simunakwanitse ndipo imakukanani munthu asanawerenge n'komwe chimangirizo chanu. Khalani pambali pake pamene akulemba gawo limeneli, ndipo werengani malamulo a chaka chimenecho pa za ntchito yomwe ikuwerengedwa ndi yomwe sikuwerengedwa.

Kusankha kosi nakonso si ntchito yosiyira munthu wina. Chevening imafuna makosi atatu a masitazi a chaka chimodzi, ndipo pofika mu July mukhale ndi kalata yokupatsani malo yopanda zotsalira (unconditional offer) kuchokera ku imodzi mwa makosiwo. Kufunsira malo ku mayunivesite ndi ntchito yapadera, yosiyana ndi fomu ya sikolashipu, ndipo ena amadzazindikira zimenezi mochedwa chifukwa pashopu sanawauze. Mashopu amakonda kusankha mayina omveka, Oxford, Cambridge, LSE, osayang'ana ngati digiri yanu ikulandiridwa. Apa pali nkhani yomwe Amalawi ambiri saidziwa. Digiri yathu yoyamba ndi ya zaka zinayi kuchokera pa MSCE, pamene ku England amalowa ku yunivesite atachita A-level. Pa chifukwa chimenechi mayunivesite ena a ku UK saiona digiri yathu ngati yofanana ndi honours yawo, ndipo amafuna masitazi kapena dipuloma yowonjezera, pamene ena amailandira bwinobwino ngati magiredi ali apamwamba. Mayunivesite ambiri ali ndi tsamba lonena zomwe amafuna kwa ofunsira ochokera ku Malawi. Liwerengeni musanalembe dzina la yunivesiteyo pa fomu, ndipo ngati silikumveka lemberani ofesi yolandira ophunzira, amayankha. Onetsetsaninso kuti koleji yomwe munaphunzirako ndi pulogalamu yanu n'zovomerezeka ndi NCHE, bungwe loona za maphunziro apamwamba m'dziko muno. Makosi atatuwo akhale a mutu umodzi. Munthu wosankha zaumoyo, zamalonda ndi zamalamulo pa fomu imodzi amaoneka kuti akungofuna ndege.

Mawu amene mashopuwa amakopera nawo anthu ndi akuti masikolashipu amenewa ali ndi eni ake, ndi a anthu a ku Chanco ndi a ku College of Medicine, ndiye inu amene munaphunzira kwina mukufunika thandizo lawo kuti mufanane nawo. M'mawu amenewa muli choona pang'ono, koma chifukwa chake si chimene iwo amanena. Yunivesite ya Malawi inayamba kuphunzitsa mu 1965, ndipo kwa zaka zoposa makumi atatu inali yokha m'dziko muno. Mzuni inatsegulidwa mu 1999, Bunda inaima payokha ngati LUANAR mu 2012, MUST inayamba mu 2014, ndipo mu 2021 UNIMA inagawika n'kubala MUBAS ndi KUHeS. Sukulu yakale imakhala ndi aphunzitsi ambiri omwe nawonso anaphunzira kunja pa masikolashipu omwewa. Amadziwa kalata ya umboni yomwe imagwira mtima owerenga, amadziwa mafunso a pa intavyu, ndipo ophunzira awo akale amabwerera kudzauza achichepere. Mbiri ya kupambana kwa sukulu imakhala m'mitu ya anthu amenewa. Kunja amachita kuiika m'dongosolo: mayunivesite ambiri a ku America ali ndi maofesi omwe ntchito yawo ndi kukonzekeretsa ophunzira mipikisano imeneyi basi, ndipo Harvard ndiyo yatulutsa opambana Rhodes ambiri kuposa ina iliyonse kumeneko. Ku South Africa, wilo ya Cecil Rhodes mwiniwake inatchula sukulu zinayi za anyamata n'kuzipatsa malo awoawo, ndipo akazi anayamba kulandira sikolashipuyi mu 1977, ngakhale inakhazikitsidwa mu 1902. Amene anayamba kale amaoneka ngati odziwa kwambiri.

Tanthauzo lake kwa inu ndi lakuti chimene mukusowacho sichigulitsidwa pashopu, koma chimapezeka mwaulere mukafunsa. KUHeS ili ndi nthambi yake pompano pa Mangochi, kumene amabwera aphunzitsi a zaumoyo wa anthu m'madera. M'chipatala cha boma, m'mabungwe ndi ku koleji ya zausodzi ku Mpwepwe simungalephere kupeza munthu amene anaphunzirapo kunja. Pitani mwaulemu, munene kuti bwana kapena mayi, ndalemba izi ndekha, mundiuzeko pamene sipakumveka. Kuuzidwa kuti apa sipakumveka ndi kosiyana ndi kulemberedwa, komabe kwa Rhodes onani kaye malamulo a chaka chimenecho pa za thandizo lomwe likuloledwa.

Rhodes tiifotokoze payokha, chifukwa ndi pamene mashopu amadyera ndalama za anthu osayenera n'komwe kufunsira. Ndi ya ku Oxford kokha. Malawi ali m'gulu limodzi ndi Botswana, Lesotho, Namibia ndi Eswatini, ndipo mayiko asanuwa amalimbirana malo ochepa zedi pa chaka, pamene Zambia ndi Zimbabwe ali ndi malo awoawo. Malire a zaka zakubadwa ndi okhwima, ndi ya achinyamata omwe angomaliza kumene digiri yoyamba, ndipo magiredi ofunika ndi apamwamba zedi, a first class kapena GPA ya 3.7 pa 4. Mphunzitsi wa zaka 34 wokhala ndi Credit alibe chochita ndi fomu imeneyi, ndipo shopu yomulipiritsa kuti imudzazire ikumubera. Kwa iye Chevening, yomwe ilibe malire a zaka, kapena Commonwealth, ndi kumene kuli khomo. Commonwealth ili ndi njira zingapo: ina imadzera ku boma kudzera ku dipatimenti yoona za ogwira ntchito m'boma ku Lilongwe, ina yotchedwa Shared imadzera ku mayunivesite a ku UK, ina ndi yophunzira muli konkuno pa intaneti. Njira yomalizayi ndi yoyenera kuiganizira kwa amene sangasiye ntchito ndi banja.

Wachinyamata wa kuno amene akuyeneradi Rhodes ali ndi nkhani yomwe palibe shopu ingamukonzere. Kuyambira pa zionetsero za Rhodes Must Fall ku Cape Town mu 2015, funso la mbiri ya Rhodes ndi ndalama zake silithawika. Tauni yathu ino inkatchedwa Fort Johnston, dzina la Harry Johnston, amene boma lake la chitsamunda m'zaka zoyambirira za m'ma 1890 linkathandizidwa ndi ndalama za kampani ya Rhodes, British South Africa Company, pa nthawi imene ankamenyana ndi mafumu achiyao monga Mponda ndi Makanjira. Mwana wa kwa Mponda wofunsira ndalama za Rhodes ayenera kukhala ataganizira nkhaniyi mofatsa, n'kukhala ndi yankho lakelake, kaya ndi lotani.

Makalata a umboni ndi gawo lina lomwe mashopu amalowererapo mosayenera. Ena amalemba okha kalatayo n'kukuuzani kuti mungokasayinitsa kwa abwana anu. Zotsatira zake ndi kalata ya mizere isanu ndi umodzi yonena kuti ndinu wolimbikira, woopa Mulungu ndi wosunga nthawi, yofanana kalembedwe ndi chimangirizo chanu. Kalata yamphamvu imanena kuti wolembayo wakudziwani kwa nthawi yaitali bwanji, mu udindo wanji, ndipo imapereka chitsanzo cha chinthu chimodzi chomwe anakuonani mukuchita. Kwa Rhodes ndi mayunivesite ambiri, wochitira umboniyo amalandira linki pa imelo yake n'kutumiza yekha, ndipo imelo ya ku ntchito imakhulupirika kuposa ya Gmail. Apempheni kudakali mwezi wathunthu, apatseni CV yanu, transcript ndi dzina la kosi, ndipo akumbutseni mwaulemu patatsala sabata. Aphunzitsi a ku Zomba kapena ku Bunda amene anakuonani komaliza zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo sangakukumbukireni ndi dzina lokha, atumizireni mutu wa kafukufuku wanu wa chaka chomaliza.

Pa nkhani ya ndalama, mafomu a Chevening, Commonwealth ndi Rhodes ndi aulere. Chimene mukulipira pashopu ndi nthawi ya pa kompyuta, kusikana ndi kusindikiza, choncho pemphani mtengo wa chilichonse pachokha m'malo mwa mtengo umodzi wa zonse. Aliyense wonena kuti pali ndalama yolembetsera yoti mutumize pa Airtel Money kapena Mpamba, kapena kuti ali ndi munthu wake ku ofesi ya kazembe, ndi wakuba. Ndalama zenizeni zomwe mashopu sakuuzani zili kutsogolo. Chevening inasiya kufuna mayeso a Chingerezi payokha, koma mayunivesite ambiri amafunabe IELTS, yomwe ili ndi magawo anayi, kumvetsera, kuwerenga, kulemba ndi kulankhula. Makosi ambiri amafuna 6.5 osatsika 6.0 pa gawo lililonse, ndipo ambiri a ku Oxford amafuna 7.5 osatsika 7.0. Gawo lolemba ndi limene limagwetsa anthu ambiri olankhula Chingerezi bwino, chifukwa limafuna kufotokoza tchati m'mawu 150 ndi kulemba chimangirizo cha mawu 250, zonse mu ola limodzi. Mtengo wa mayesowa umatsata ndalama zakunja, ndiye kwacha ikagwa monga inachitira mu November 2023 nawonso umakwera, ndipo pamwamba pake muwerengere thiransipoti yochoka kuno ndi malo ogona. Zotsatira zake zimagwira ntchito zaka ziwiri. Funsani kaye yunivesite ngati ingalandire kalata yonena kuti digiri yanu munaphunzira m'Chingerezi, chifukwa ena amalola ndipo mumapulumutsa ndalama yonseyo.

Satifiketi yoyezetsa TB, yomwe viza ya ku UK imafuna kwa ochokera ku Malawi, imatengedwa ku chipatala chovomerezeka ndi boma la UK chokha, osati chilichonse, ndipo imatha mphamvu pakapita miyezi isanu ndi umodzi. Shopu yokuuzani kuti mukayezetseretu mu November kuti mapepala akhale okwanira ikukutayitsani ndalama, chifukwa viza mudzafunsira cha mu July kapena August, satifiketiyo itatha kale ntchito.